Chilimwe Chomwe Ndinagwetsa Siling'i ya Mayi Docherty

Galamafoni yathu ikatentha inkatulutsa fungo lakelake. Linali fungo la fumbi lopserera pang'onopang'ono, losakanikirana ndi polishi wa matabwa ndi kafungo ka mawaya ofunda, ndipo linkafika m'mphuno singano isanagwere n'komwe pa mbale ya nyimbo. Mpaka lero ndikalowa m'sitolo ya katundu wakale n'kumva kafungo koteroko, phazi langa lamanja limayamba lokha kugunda pansi, ngakhale kuti bondo lake masiku ano limadandaula pokwera basi.

Ndinali ndi zaka khumi, m'zaka za m'ma 1970. Tinkakhala ku Hillhead, mumzinda wa Glasgow, m'nyumba yosanjikizana ya miyala yodetsedwa ndi mwaye wa malasha. Khomo lolowera linali limodzi, masitepe amodzi, mabanja asanu ndi atatu, ndipo akuda tinali ife tokha. Abambo ankaphunzira za uinjiniya wa madzi pa yunivesite, ulendo wapansi wa mphindi khumi kuchokera pakhomo. Amayi anali namwino, ankalawirira m'mamawa n'kubwerako cha m'ma fili koloko akununkhira mankhwala a m'chipatala. Ine ndinafika ku Glasgow ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chichewa ndinkachimva chonse, koma ndinkayankha m'Chingerezi cha ana anzanga a pa masitepe, chimene Abambo ankati chimamveka ngati munthu akulankhula chimanga chokazinga chili m'kamwa.

Galamafoniyo Abambo anaigula pa msika wa zinthu zakale kumayambiriro kwa Juni, n'kubwera nayo pa vani ya mnzawo wa ku tchalitchi. Inali yaitali ngati bokosi la maliro, ya miyendo inayi yoonda, wailesi mbali ina, poimbira mbale mbali ina. Anaigulira chinthu chimodzi chokha. M'sutikesi mwawo munali mbale ya kwaya ya nyimbo za Mulungu imene anachoka nayo ku Blantyre, ndipo inali itakhala zaka zinayi osamveka. Koma atatsegula kachitseko ka m'mbali kuti apukute fumbi, anapezamo mbale zina khumi ndi ziwiri zimene mwini wake wakale anaziiwala.

Tinaziyala pa kapeti. Pa zikuto zake panali anyamata a tsitsi lofika m'mapewa, mathalauza otambalala kumapazi ngati masiketi, magitala atapachikidwa m'chiuno. Abambo anazinyamula imodzi imodzi ndi nsonga za zala. "Awa kwathu sangatuluke pa bwalo la ndege asanametedwe," anatero, n'kunena kuti mawa lake zipita ku bini.

"Zisiyeni, bambo a Tamanda," Amayi anayankha osatukula mutu pa zimene ankasoka. "Sizipempha chakudya."

Sukulu titatsekera kumapeto kwa mweziwo, masana ankatalika mosadziwa malire. Dzuwa la kuno m'chilimwe limakhala ngati mlendo amene watsanzika kale koma akadali chiimire pakhomo. Tsiku lina Amayi atabwera ku ntchito anavula nsapato zawo zoyera, anayala bulangete pa tebulo kuti asite mayunifolomu, kenako anandiuza kuti ndiike mbale iliyonse, m'nyumba musakhale zii. Ndinasankha ya chikuto cha kavalo woyera ataima pamwamba pa galimoto yakufa, chifukwa cha kavaloyo basi.

Singano inayamba ndi kuthetheka ngati nkhuni zaziwisi pa moto. Kenako ng'oma zinabwera zokha, zolemera, ndinazimva m'mimba ndisanazimve m'makutu. Gitala inalowa ikung'amba ngati munthu akung'amba nsalu yatsopano, ndipo mwamuna wina anakuwa ndi mawu okwera kuposa a mkazi aliyense wa m'kwaya ya kwathu ku tchalitchi. Matambula a m'kabati anayamba kugundana. Ndinathamangira kuti ndichepetse, poganiza kuti ndalakwa, koma nditacheuka ndinapeza Amayi aimika simbi, mutu atapendeketsa, akumvetsera ngati mmene ankamverera chifuwa changa ndikadwala.

"Gitala iyi ikulira ngati za kwathu," anatero. "Kungoti yakwiya."

Ndiye anayamba kuvina. Sindinali nditawaonapo Amayi akuvina. Ndinkawadziwa akuyenda mofulumira ndi zikwama za m'sitolo, akugwada pokolopa, akuimirira mowongoka pa nyimbo ya m'tchalitchi. Tsiku limenelo mapewa awo anamasuka, chiuno chinapeza njira yake, mapazi ovala masokosi a ntchito ankatsetsereka pa kapeti osamveka n'komwe. Sankavina ngati anyamata a pa zikuto aja, ankavina sinjonjo ndi jaivi ya utsikana wawo ku Ndirande, ndipo zinkalowa bwinobwino m'ng'oma za azungu atsitsi lalitaliwo ngati kuti anachita kupangana. Nyimbo itatha anaseka, kuseka kwa mutu chagada, n'kubwerera pa simbi yawo.

Kuyambira tsiku limenelo, masana alionse a pakati pa sabata anali athu. Abambo ankabwera cha m'ma sikisi, choncho tinali ndi maola atatu. Ndinaphunzira kupukuta mbale ndi kansalu kofewa mozungulira, kuigwira m'mphepete mokha, kutsitsa singano popanda kunjenjemera. Ndinadziwa mbale imene inali ndi chipsera chobwereza mawu amodzi mpaka utaigunda pang'ono. Mawu a nyimbozo ambiri sindinkawamva, ndipo amene ndinkawamva sankatanthauza kanthu kwa ine, koma ndinkaimba nawo onse ndi mtima wonse. Abambo ankadziwa, chifukwa akafika ankaika dzanja pamwamba pa galamafoni n'kuipeza yofunda, koma ankangoyang'ana Amayi, Amayi n'kuyang'ana kudenga.

Mnzanga anali Linda wa pa nsanjika yapamwamba, mtsikana wa tsitsi lofiira ndi mawondo okhala ndi zilonda nthawi zonse. Amayi ankalikonda dzina lakelo, ndipo akamuona akuthamanga pa masitepe ankamukuwira kuti, "Linda madzi apite!" iye n'kumangoseka osadziwa kanthu. Mchimwene wake wamkulu ankagwira ntchito yodula matikiti m'basi ndipo ankadziwa mayina a oimba onse a chamba cha rock, ndiye Linda ankabwera ndi nkhani: uyu anaphwanya gitala pa siteji, uyu amayenda pa ndege yakeyake, awa anaimba mu holo ya m'tauni mpaka khonde la m'mwamba linkagwedezeka. Ife gitala yathu inali chomenyera makapeti, maikolofoni inali bulashi ya nsapato. Tinkavala matawulo kumutu kuti likhale tsitsi lalitali, ngakhale Linda amene anali nalo kale.

Pa mbale ya kavalo ija panali nyimbo imene inkati ikafika pakati, zonse zinkaima. Ng'oma, gitala, mawu, zonse zii, kwa nthawi yopuma kawiri. Kenako zinkagwa pamodzi ngati mvula yoyamba pa malata. Ine ndi Linda tinapeza kuti malo oyenera kukhala pa kachetechete ameneyo ndi pamwamba pa sofa, ndipo nthawi yoyenera kufika pansi ndi pamene ng'oma zikubwerera.

Pansi pathu pankakhala Mayi Docherty. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wa manja ofiira ndi sopo, wovala epuloni ya maluwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Amuna awo anagwira ntchito moyo wawo wonse ku fakitale ya sitima za pamtunda ku Springburn. Pa masitepe athu banja lililonse linali ndi sabata yake yokolopa, ndipo Mayi Docherty ndi amene ankadziwa amene wadumpha ngodya. Ine ankanditchula kuti "hen", ndipo chaka chonse choyamba ndinkadandaula kuti n'chifukwa chiyani akunditcha nkhuku, mpaka ndinamva akutchula chimodzimodzi mtsikana aliyense, ngakhale wogulitsa buledi. Nyimbo zikakwera ankagogoda siling'i yawo ndi mtengo wa tsache, katatu, ndipo Amayi ankachepetsa nthawi yomweyo.

Linali Lachinayi, sabata yachiwiri ya Julaye, kunja kukutentha mpaka phula la mumsewu linkamata ku nsapato. Amayi anapita kukagula nsomba pa ngodya, n'kutisiya ndi mawu akuti tisakweze. Chitseko chitangotsekeka tinakweza mpaka pamapeto. Tinadumpha koyamba, tinabweza singano, tinadumpha kachiwiri. Tsache linagogoda, koma tinalimva ngati mbali ya ng'oma. Kachitatu tinagwirana manja kuti tifike pansi limodzi, ndipo tinafikadi limodzi. Pansi pa mapazi athu panamveka chinthu ngati thumba la chimanga lagwa kuchokera pa lole. Kenako kunamveka kukuwa kwa munthu wamkulu, kumene sikunali pa mbale.

Linda anathawira kwawo. Ine ndinachotsa singano mwaphuma, ndinaikanda mbaleyo, n'kukhala pa sofa tawulo lidakali kumutu mpaka Amayi anabwera. Sanandifunse zambiri. Anaika nsomba mu sinki, anandivula tawulo, anandigwira pa mkono n'kutsika nane.

Chipinda cha Mayi Docherty chinali mbuu ngati m'chigayo. Pa siling'i panali chibowo chachikulu ngati malichero awiri, timatabwa ta m'kati tikuoneka ngati nthiti. Zibuma za pulasitala zinali pa tebulo, mu kapu ya tiyi, pa mpando umene anali atangonyamukapo kukatenga tsache lija. Chithunzi cha amuna awo chinali pansi, galasi litasweka. Iwo anali ataima pakati pa zonsezi, tsitsi loyera ndi fumbi. Amayi anapinda mawondo ngati mmene timachitira kwathu pamaso pa akulu, napepesa m'Chingerezi chawo chaulemu cha kuchipatala, n'kutambasula dzanja kuti atenge tsache asese. Mayi Docherty analikoka.

"Zaka makumi atatu ndakhala muno popanda vuto," anatero. "Ndinadziwa kuti anthu inu mukadzabwera zidzatha chonchi. Ndilembera kalata bwana woyang'anira nyumba."

Pa mawu akuti "anthu inu" aja ndinangomva zala za Amayi zikulimba pa mkono wanga.

Abambo atabwera sanandimenye, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Anandikhazika pa tebulo n'kundifotokozera m'Chichewa chapang'onopang'ono kuti nyumbayi si yathu, kuti bwana woyang'anira nyumba akalandira dandaulo atha kutiuza kuti tichoke, ndiponso kuti kupeza nyumba ina sikophweka kwa ife ngati mmene kungakhalire kwa makolo a Linda. Kenako anasonkhanitsa mbale khumi ndi ziwiri zija, anazimanga ndi chingwe mopingasa, n'kuziika pamwamba pa wadiropu. Ngakhale ya kwaya ija anaibwezera m'sutikesi. Pa galamafoni Amayi anayalapo kansalu koluka n'kuikapo mphika wa maluwa.

Masiku otsatirawo m'nyumba munali chete wa pamaliro. Ndinkayenda ndi zala za kumapazi. Ndinkamva wotchi, mpope ukudontha, sitima yapansi panthaka ikudutsa kutali ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Linda analetsedwa kutsika kwathu. Amayi ankasita osaimba ngakhale kanyimbo ka m'mphuno, ndipo munthu wa positi akaponya makalata pa chitseko ankathamangira kukawatola ine ndisanafike. Tsiku lachisanu ndinawapeza atatulutsa sutikesi yaikulu pansi pa bedi, akuipukuta nkhungu pa zenera. Anati akungoiwombetsa mphepo. Sindinawakhulupirire.

Mawa lake m'mawa, Amayi ali ku ntchito, Abambo ali ku laibulale, ndinavala diresi langa la ku Sande sukulu n'kutsika masitepe khumi ndi asanu ndi atatu aja ndekha. Ndinaima pa chitseko cha Mayi Docherty nthawi yaitali ndikuwerenga dzina lawo pa kachitsulo konyezimira. Nditagogoda anatsegula pang'ono, tcheni chidakali chokoleka. Mawu amene ndinakonza usiku wonse anabalalika, ndinangoyamba kukhuthula zonse nthawi imodzi: kuti ndinadumpha ndine, kuti Amayi kunalibe ndipo anatiletsa, kuti Amayi akavina mapazi awo samveka, kuti ngati wina achoke ndichoke ine, ndikakhala kwa a Phiri a ku tchalitchi, koma makolo anga asawathamangitse. Ndinamaliza ndikulira, mamina ali pa kolala ya diresi.

Kenako anatseka chitseko, ndinamva akuchotsa tcheni, n'kutsegulanso chonse.

M'chipinda muja anali atasesa, koma chibowo chinali pomwepo, ndipo fumbi linkagwabe pang'onopang'ono m'kuwala kwa pa zenera. Anandikhazika pa mpando, anandipatsa mpango ndi chidutswa cha buledi chopaka jamu. Iwo anakhala moyang'anana nane, manja pa epuloni. Anandiuza kuti amuna awo anagontha ndi nyundo za ku fakitale, moti wailesi ankaitsegula mokweza mpaka a tsidya la msewu ankamva zotsatira za mpira, ndipo iwo anakhala zaka makumi awiri akuwakalipira kuti achepetse. Ana awo awiri anapita ku Canada. Tsopano wailesi ankatha kuitsegula mmene akufunira, ndipo sankaitsegula n'komwe.

"Nyimbo zanuzo ndi phokoso lachabechabe, hen," anatero. "Koma si nyimbo zimene zagwetsa siling'i yanga. Ndi mapazi ako." Kenako anafunsa osandiyang'ana, "Amayi ako aja asiya kuseka? Ndinkawamva cha m'ma folo."

Ndinati asiya. Anagwedeza mutu, anandilanda mpango uja, n'kundiuza kuti ndikauze Abambo kuti ngati ali ndi manja okonzera siling'iyo, Loweruka iwo adzakhalapo. Za kalata sananene kanthu, ndipo ine sindinalimbe mtima kufunsa.

Loweruka limenelo ndinadziwa chinthu china chokhudza Abambo. Agogo anga aamuna anali mmisiri womanga nyumba ku Mulanje, ndipo Abambo anakula akuwapondera dothi ndi kuwapatsira njerwa. Anabwereka makwerero ndi zipangizo kwa bambo ake a Linda, amene anatsika nawo limodzi atavala ovolosi, chifukwa mapazi anali anayi, osati awiri. Abambo anavula tayi, anapinda malaya, anamanga mpango kumutu. Ndinawaona akukanda pulasitala m'ndowa, akuiponya m'mwamba ndi dzanja limodzi n'kuisalaza kamodzi kokha, ngati akupaka batala. Bambo ake a Linda anaimba mluzu n'kunena kuti munthuyu akutaya nthawi ku yunivesite. Ine ndi Linda tinkatunga madzi ndi kutaya zinyalala ku mabini, osayang'anana kuopa kuseka. Mayi Docherty anaphika tiyi katatu. Kachitatu anatulutsa makapu a maluwa a m'kabati, amene Linda anandinong'oneza kuti sanatulukepo chimwalirire amuna awo.

Chilango chathu chinali kukolopa masitepe pa sabata ya Mayi Docherty mpaka sukulu itatsegulira, iwo ataima pamwamba akuloza ngodya. Ndipo ndi pa masitepe pomwepo pamene anapereka chigamulo chawo, Amayi akudutsa ndi zikwama. Anati ngati ana awa akufuna kudumpha, akadumphe kuseri kwa nyumba, pa nthaka ya Mulungu, imene ilibe munthu pansi pake. Amayi anaima, anawayang'ana, n'kunena kuti zikomo. Anali mawu oyamba pakati pawo chidutsire tsiku la ngozi lija.

Kuseri kwa nyumba kunali bwalo lozunguliridwa ndi nyumba zinayi zosanjikizana, la udzu wothothoka, mizati yachitsulo ya zingwe zoyanikira, mabini, ndi kanyumba kakale kochapiramo kopanda chitseko. Mazenera a makhitchini onse ankayang'ana kumeneko. Loweruka lomaliza la Julaye, nthawi ya tchuthi imene mafakitale ankatseka ndipo amuna ambiri anali pakhomo, Abambo ndi bambo ake a Linda ananyamula galamafoni n'kuiika pa tebulo la kukhitchini, pa zenera lotsegula. Amayi anali atakazinga mandasi beseni lonse kuyambira m'mawa, fungo lake litadzaza masitepe. Abambo anatsitsa mtolo uja pa wadiropu n'kumasula chingwe, koma anaika lamulo limodzi: iyambe ya kwaya.

Choncho nyimbo yoyamba imene inatuluka pa zenera lathu inali ya Chichewa, mawu a amayi ndi abambo a ku Blantyre akutsikira pa zovala zoyanikidwa za anthu a ku Glasgow. Ndinachita manyazi, ndinkafuna ng'oma. Koma mazenera anayamba kutseguka, azimayi akutsamira zigongono pa mafelemu. Mkulu wina wa nyumba ya tsidya, amene sankayankha moni wa Abambo, anachotsa ndudu pakamwa n'kuyamba kuimba nawo m'Chingerezi, chifukwa chuni chake chinali cha kwawo konkuno, chinapita kwathu kalekale ndi amishoni n'kubwerako chitavala mawu ena. Abambo anaima pa zenera maso ali patali, osaphethira.

Itatha, anandikodola kuti ndikwere ndidzasankhe ndekha. Ndinaika ya kavalo, ndinatsitsa singano, n'kutsika masitepe awiriawiri kuti ng'oma zindipeze ndili pabwalo. Ana anatuluka m'makomo onse anayi. Mchimwene wake wa Linda anafika ndi anzake atsitsi lalitali, akugwedeza mitu mpaka nkhope osaoneka. Pamene nyimbo ija inaima pakati, ana oposa khumi tinali pamwamba pa khoma la mabini, ndipo tinafika pansi limodzi, fumbi kobo, popanda chogwa china koma Linda, amene anawonjezera chilonda pa bondo.

Amayi anatsika ndi beseni la mandasi, analiika pa mpando, n'kuyamba kugawa. Ndinkaona phazi lawo likugunda pansi. Mayi ake a Linda ndi amene anawakoka dzanja. Poyamba anakana, akuloza epuloni yawo, kenako anaivula n'kuipachika pa chingwe pakati pa mapilo a eni ake. Anavina pa udzu wouma uja osavala nsapato, ndipo azimayi a m'mazenera anayamba kuwomba m'manja. Abambo anatsika mbale yachitatu ili pakati. Anaima m'mphepete manja ali kumbuyo ngati mkulu wa mpingo woyendera Sande sukulu, mpaka Amayi anafika patsogolo pawo n'kuima, manja m'chiuno. Abambo anavina nyimbo imodzi yokha, mowuma, mawondo okha akugwira ntchito, nkhope ili ngati akuwerenga lemba. Amayi anaseka mpaka anagwira mzati.

Mayi Docherty sanavine. Anatulutsa mpando wawo wa kukhitchini n'kukhala pafupi ndi kanyumba kochapira, mandasi awiri ali pa mpango pamiyendo pawo. Ankauza aliyense wodutsa kuti ili ndi phokoso lachabechabe, ndipo anakhala pomwepo mpaka mvula inayamba kudontha cha m'ma faifi, azimayi n'kuthamangira kukanula zovala.

Chilimwe chotsalacho chinayenda choncho. Kukacha bwino, zenera la kukhitchini linkatseguka, ife n'kukhala pabwalo. Kukagwa mvula tinkamvera m'nyumba, motsitsa, titakhala pansi miyendo titapinda, Linda akuimba ng'oma pa mawondo ake. Anyamata aja anayamba kubweretsa mbale zawo kuti ziimbidwe pa galamafoni yathu chifukwa inali ndi mawu akulu kuposa ina iliyonse pabwalopo, ndipo ankavula nsapato pakhomo n'kupereka moni kwa Amayi mwaulemu, Amayi akuwafunsa ngati kwawo kulibe sizasi. Pofika pakati pa Ogasiti, sukulu itatsegulira, ndinali nditadziwa mbale makumi atatu mbali zonse ziwiri, ndipo pabwalo la sukulu sindinalinso mtsikana wakuda uja, ndinali mtsikana amene anagwetsa siling'i.

M'nyumba imeneyo tinakhalamo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaikamba monyadira, pa maukwati ndi pa maphwando a Amalawi anzathu: mmene ndinatsikira ndekha ndi diresi la ku Sande sukulu, mmene ndinalirira, mmene kalata ija sinalembedwe chifukwa cha ine. Amayi ankamvetsera akumwetulira, osawonjezera kanthu.

Anadzandiuza zoona zake posachedwapa, Abambo atatisiya, tili awiri m'kanyumba kawo ka ku Springburn ndikuwadula zikhadabo za kumapazi chifukwa msana sulolanso kuwerama. Kalata ija inalembedwa tsiku lomwelo ndipo inapita. Yankho linabwera, lotipatsa mwezi umodzi. Sabata yonse imene ine ndinkayenda ndi zala za kumapazi, Abambo sankapita ku laibulale. Ankayenda khomo ndi khomo kumene kunali chikwangwani cha nyumba ya lendi, ndipo paliponse akangowaona nkhope nyumbayo inkakhala kuti yangotengedwa kumene. Tsiku limene ndinatsika lija, ine nditangochoka, Mayi Docherty anavala chipewa chawo cha ku Misa, anakwera basi kupita ku ofesi ya bwana uja, n'kukhala pa benchi mpaka masana, kukana kuchoka asanawabwezere kalata yawo m'manja. Anauza bwanayo kuti siling'iyo inali yowola kale, ndipo akapitiriza nkhaniyi alemba kalata ina yokhudza iyeyo. Nkhani yotichotsa inathera pomwepo. Amayi anazimva kwa mayi ake a Linda patapita chaka. Mayi Docherty sanazitchulepo mpaka kumwalira kwawo, ndipo mawu aja akuti "anthu inu" sanawapepese ndi pakamwa.

Ndinafunsa Amayi chifukwa chimene sanandiuzire, ndiponso mmene anathera kuvina pabwalo paja patangopita masabata awiri chichitikire zonsezi.

"Unali ndi zaka khumi," anatero. "Zinali zokwanira kuti unatsika masitepe aja. Zinazo zinali zathu." Anasuntha phazi kuti ndigwire chala china. "Ndipo kuvinako, mwanawe, ndinali nditatopa ndi mantha."

Ine wa zaka khumi ndinkadziwa kuti chilimwe chimenecho chinali chabwino kuposa china chilichonse, ndipo sindinalakwitse. Chimene sindinkadziwa n'chakuti chinali ndi anthu ochinyamula: bambo woyenda m'misewu ndi nsapato zake za ku tchalitchi, mayi womeza mawu pamaso pa mwana wake, ndi nkhalamba youma pakamwa itakhala pa benchi ya mu ofesi chikwama chili pamiyendo. Onse atatu anagwirizana, osapangana, kuti ine ndingomva ng'oma. Ndinamaliza kudula zikhadabo zija, ndinawaveka masokosi, ndipo Amayi anandiuza kuti ndikaike ketulo pamoto.